Kukhala dotolo wochitanso kafukufuku wa chiwindi ndi khansa ya kapamba, zingatheke kuno kwathu?

Nachisale_25 walemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga zomwe ena amalemba muno osayankhapo, lero ndati nanenso ndifunse poti nkhaniyi yandikhala pamtima miyezi yambiri. Ndine dotolo wachitsikana, ndili pa internship pa chipatala china konkuno ku Lilongwe, yatsala miyezi 5 kuti ndimalize miyezi 18 ija. Anzanga ambiri asankha kale, ena akufuna za ana, ena za azimayi, ena akungodikira mwayi wa ku ma NGO, ine mtima wanga uli pa matenda a chiwindi ndi khansa ya kapamba (pancreas pa Chingerezi), ndipo sindikufuna kumangoona odwala kokha ayi, ndikufuna ndizichitanso kafukufuku wa chithandizo chake.

Chomwe chinandifikitsa apa ndi amalume anga. Anali mlimi wa fodya ku Mitundu, zaka 58, munthu wojintcha woti sanagonepo m'chipatala chibadwire, ndipo ndi omwe anandilipirira fizi ku sekondale ndi ndalama za fodya yemweyo. Chaka chatha nthawi yokolola anayamba kudandaula msana chapakati apa, akuti akakhala pansi n'kuwerama ululu umachepa koma akagona chagada nde umachita kubaya. Tonse tinkati ndi khasu. Kenako anawapeza ndi shuga, pomwe kubanja kwathu kulibe wa shuga, thupi nalo limangotha mpaka lamba anachita kuboola mabowo ena awiri ndi msomali. Nditapita kukawaona mu July ndinapeza maso asanduka achikasu, akudzikanda thupi lonse mpaka mabala, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa. Ine pamenepo mumtima ndinadziwa kale koma amayi sindinathe kuwauza tsiku limenelo. Sikani inaonetsa chotupa kumutu kwa kapamba chitatseka njira ya ndulu, ndi timadontho tina tafika kale m'chiwindi. Anatha miyezi 4 basi. Chomwe ndinawachitira ine dotolo wa m'banja ndi morphine wamadzi uja ndi kuwatembenuza usiku.

Ku wodi nako ndikuona zofanana sabata iliyonse koma za chiwindi. Abambo a zaka 32, 38, 40, anthu oti ana awo ali ku pulayimale, amabwera mimba itatupa ndi madzi, manja ndi nkhope zitawonda, ukagwira kumanja pansi pa nthiti chiwindi chili gwa ngati mwala komanso cha mabampu. Ukayeza hepatitis B umapeza ilipo. Timawapopa madzi, tiwapatse a ululu, kenako n'kukhala pansi ndi agadiyani kuwafotokozera. Ambiri mowa samwa n'komwe.

Nde ndifunse. Ndiyambe MMed, maphunziro a ukatswiri pa udotolo aja, kapena ndisake PhD kaye? Alipo amene akukwanitsa zonse ziwiri, wodi ndi kafukufuku, osataya china? Nanga za kapamba zingatheke kuno poti CT scan yomwe kuti wodwala wa kumudzi aipeze pa nthawi yake ndi nkhani, kapena ndingovomereza kuti ntchito imeneyi ndi ya kunja? Chonde amene mwadutsamo ndiuzeni zoona, zowawa zomwe.

Dokotala_wa_ku_18 wayankha:

Pepani kwambiri ndi imfa ya amalume achemwali, mzimu wawo uwuse mumtendere. Zomwe mwafotokozazo, msana wopepuka munthu akawerama, shuga wongotulukira munthu ali wamkulu kale, kuwonda, kenako chikasu, ndi mmene matendawa amayendera ndithu. Musadziimbe mlandu, ngakhale ku mayiko olemera odwala 15 kapena 20 okha pa 100 alionse ndi amene amapezeka chotupa chikadali choti n'kuchotsa.

Ine ndinadutsa njira mukufunsayi, MMed ya internal medicine kenako PhD, nde ndiyankha ngati mlongo wanu wamkulu. Zimatheka koma werengani zaka. Mukamaliza internship ndi kulembetsa ku Medical Council mugwira kaye chaka kapena ziwiri, MMed ndi zaka 4, ya ku KUHeS kapena kudzera ku ECSACOP, koleji ya madotolo ya chigawo chino cha Africa, kuti mukhale katswiri weniweni wa chiwindi mufunika kutuluka zaka zina ziwiri kapena zitatu, ambiri amaloza ku South Africa, ku Groote Schuur ku Cape Town kuli kiliniki ya chiwindi yakalekale, PhD nayo zaka 3 kapena 4. Mukaphatikiza ndi zaka zoposa 10. Maganizo anga ndi oti yambani MMed. Ndaona anzanga amene anathamangira PhD asanakhwime ku wodi, mapepala ali nawo inde koma funso la kafukufuku amachita kupatsidwa ndi eni ndalama, iwo n'kumangoyendetsa ntchito ya ena. Dotolo wochita kafukufuku mphamvu yake ili poti funso amalitola pa bedi la wodwala.

Mumamukumbukira Denis Burkitt? Anali dotolo wa opaleshoni ku Kampala, anaona ana otupa nsagwada n'kuyamba kufunsa kuti matendawa ali kuti ndipo kulibe kuti. Anafalitsa zomwe anapeza mu 1958, mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto yakale m'zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuno ku Nyasaland anadutsanso, akufunsa ndi kulemba m'kope. Zotupa zomwe ankatumiza ku London ndi zomwe anzake anapezamo kachilombo ka Epstein-Barr mu 1964. Labu yake yake analibe.

Tsono pa ziwiri mwatchulazo ine ndikuti yambirani chiwindi, ndinene chifukwa chake. Abambo mukuwaona ku wodiwo hepatitis B anaitenga ali ana, pobadwa kapena ali aang'ono kwambiri, kachilomboko kamakhala phee zaka 20, 30 kakudya chiwindi pang'onopang'ono munthu akulima bwinobwino. Khanda likatenga pobadwa, 9 mwa 10 amakhala nako moyo wonse, pomwe wamkulu akatenga nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha. Katemera wake analowa kuno mu 2002, mu jekeseni ija ya matenda 5 yomwe ana amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Nde aliyense wobadwa chisanafike chaka chimenecho sanabayidwe ali mwana, ndi omwe mukuwapopa madziwo, ndipo tiziwaonabe zaka zambiri zikubwerazi. Kafukufuku wa a MLW (Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo) ku Ndirande anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 ali nako, pomwe ana obadwa katemera atayamba sanafike ngakhale mmodzi pa 100.

Mankhwala alipo ndipo si achilendo, ndi tenofovir yemwe uja ali mu TLD ya ma ARV. Sakachotseratu kachilomboko koma amakagoneka, chiwindi chimapuma, ngozi ya khansa imatsika. Chomwe chimandiwawa n'choti munthu wa HIV amene alinso ndi hepatitis B amathandizika pa zonse ziwiri ndi piritsi limodzi, koma amene ali ndi hepatitis B yokha nthawi zambiri sadziwa n'komwe mpaka mimba itatupa. Mu 2024 a WHO anafewetsa malangizo a amene ayenera kuyamba mankhwala, pano APRI, muyezo woonetsa ngati chiwindi chayamba kulimba, ikapitirira 0.5 mutha kumuyambitsa munthu, ndipo APRI mumaiwerengetsera pa zotsatira ziwiri za magazi basi, AST ndi ma platelets, osadikira makina a FibroScan. Koma taganizani bwino apa. Kuno kwathu ma platelets amatsikanso ndi malungo, amatsikanso ndi likodzo la m'matumbo lija limalimbitsa mitsempha ya m'chiwindi n'kutupitsa spleen, chiwalo cha kumanzere kwa mimba. Nde muyezo umenewu ukunena zoona bwanji pa munthu amene moyo wake wonse wakhala akulowa m'madzi a kudimba kapena kunyanja? Limenelo ndi funso la kafukufuku lenileni, lofuna kope, magazi ndi ultrasound, ndipo mutha kuliyamba muli pa MMed pomwepo.

Yerekezani ndi pamene khansa yakula kale. Sorafenib, yemwe anavomerezedwa pa khansa ya chiwindi mu 2007, pa kafukufuku wake wamkulu anangokweza moyo kuchoka pa miyezi 7.9 kufika 10.7, ndipo mtengo wake mlimi wa ku Mitundu sangaufike. Kuika chiwindi china, komwe Thomas Starzl anayamba mu 1963, kuno sitichita, anthu amachita kupita ku Johannesburg, Cape Town kapena India.

Poyambira muli napo pafupi. UNC Project ili pa Tidziwe mu mpanda wa chipatala cha Kamuzu Central (KCH), akhala akuchita kafukufuku wa khansa zaka zambiri, ndipo labu ya pathology ya pa KCH inayamba mu 2011 mothandizana nawo. National Cancer Centre ili pompo. Ku Blantyre kuli MLW kuyambira 1995. Pitani ku misonkhano yawo, dziwanani ndi anthu, pemphani kuthandiza ntchito ngakhale yongolowetsa data mu kompyuta. Koma musakhudze fayilo ya wodwala aliyense pa nkhani ya kafukufuku musanalandire chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku.

WaKawale_mu_labu wayankha:

Akulu a ku 18 ndakumvani ndipo zambiri ndikuvomereza, koma penapo mundilole nditsutse pang'ono mwaulemu. Ine si dotolo, ndinachita za labu, kwathu ndi ku Kawale koma pano ndili kunja pa PhD ya ma cell a khansa. Achemwaliwa anena kuti chomwe chawalasa ndi kapamba, tisawabweze msanga.

Tikamati khansa ya kapamba kwathu ndi yochepa timatengera chani? Munthu wamwalira kumudzi ali ndi chikasu, ena ati anamulodza ena ati ndi chiwindi, sanajambulidwe, biopsy sinatengedwe, mu rejisita ya khansa salowamo. Amalume anuwo mukanapanda inu kukhala dotolo sikani ikanachitika? Zoona zomwe zikutipha kwambiri ndi ya khomo la chiberekero, Kaposi ndi ya kummero, sindikukana, koma ya kapamba yambiri imadutsa osalembedwa.

Ndifotokoze chifukwa chomwe imavutira kuti mudziwe chomwe mukulowa. Kapamba ali mkatikati kuseri kwa chifu, moyandikana ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, nde chotupa chimakula mwakachetechete ndipo chikangokulunga mitsempha imeneyo opaleshoni yavuta basi. Pa ultrasound mpweya wa m'matumbo umaphimba. CA 19-9, yomwe amaiyeza m'magazi pofufuza khansayi, siyodalirika poyezera anthu abwinobwino chifukwa imakweranso njira ya ndulu ikatsekeka pa zifukwa zina, ndipo pali anthu ena thupi lawo silipanga n'komwe. Chotupacho chimadzimangira mpanda wa minofu yolimba yomwe imafinya timitsempha ta magazi, mankhwala salowa bwino, asilikali a m'thupi nawo amakanika kufika, n'chifukwa chake immunotherapy, chithandizo chodzutsa chitetezo cha m'thupi, yomwe yasintha zinthu pa khansa ya pakhungu ya melanoma ndi khansa ya m'mapapo pa kapamba sinaphule kanthu kwenikweni. Zotupa zoposa 90 pa 100 zili ndi jini ya KRAS yowonongeka, ili ngati switchi yomwe yakanirira osazima, cell imangogawikana osaleka. Kwa zaka pafupifupi 40 anthu ankati KRAS palibe mankhwala angaigwire, mpaka sotorasib anavomerezedwa mu 2021 pa khansa ya m'mapapo, koma iyeyu amagwira mtundu wa G12C womwe pa kapamba ndi wosowa, yochuluka ndi G12D ndi G12V, ndipo apa ndi pomwe ma labu ambiri akulimbana napo panopa.

Mbiri yake nayo imaphunzitsa kupirira. Opaleshoni ya Whipple, yomwe Allen Whipple anafotokoza mu 1935, amachotsa mutu wa kapamba, duodenum (poyambira matumbo aang'ono), ndulu ndi mbali ya njira yake n'kulumikizanso zonse, ntchito ya maola ambiri yofuna ICU ndi magazi okwanira. Ku mbali ya mankhwala a khansayi, gemcitabine anakhazikika cha mu 1997. Mu 2011 madotolo a ku France anaonetsa kuti FOLFIRINOX, mankhwala 4 pamodzi, imafikitsa odwala omwe khansa yafalikira pa miyezi 11.1 poyerekeza ndi 6.8 ya gemcitabine. Miyezi 4 yokha, zaka 14 zitadutsa, komanso ndi mankhwala olemera oti munthu wofooka kale sangapirire. Ku America amene amafika zaka 5 ndi pafupifupi 13 pa 100.

Koma tamvani iyi. Mu 2023 gulu la Vinod Balachandran, dotolo wa opaleshoni ku Memorial Sloan Kettering ku New York, linafalitsa zotsatira za katemera wa mRNA wopangidwira wodwala aliyense payekha kuchokera ku chotupa chake chomwe. Odwala anali 16, mwa 8 chitetezo cha m'thupi chinadzuka ndipo mwa iwowo khansa inachedwa kubwerera. Ndi kafukufuku wamng'ono, tisathamange naye, koma funso lake analitenga kwa odwala ochepa aja amene amakhala moyo zaka zambiri mosayembekezereka, kufuna kudziwa kuti iwowa akusiyana pati ndi anzawo. Nde pamenepo ndikugwirizana nanu akulu, ndi dotolo amene angaone zimenezo.

Chomwe ndimaona kuno tsiku ndi tsiku n'choti ma cell ndi ma sampulo omwe timagwiritsa ntchito ambiri ndi a azungu, a munthu wa ku Africa ndi osowa kwambiri. Dotolo wa ku Malawi amene angasunge bwino zotupa, magazi ndi mbiri ya odwala, iwo eni atavomera, mu filiji ya -80 yomwe ili ndi jenereta magetsi akathima, ali ndi chinthu chomwe ma labu akunja alibe. Chenjezo langa ndi limodzi, pakhale mgwirizano wolembedwa musanatumize kalikonse kunja ndipo dzina lanu likhale pa pepala ngati mmodzi mwa eni ntchito. Mnzanga wina anatolera ma sampulo zaka ziwiri, pepala litatuluka dzina lake linangokhala mu mawu othokoza kumapeto, analira.

Mlangizi_wa_ku_Nsaru wayankha:

Ine si wa chipatala, ndine mlangizi wa zaulimi, ndalowerera poti nkhani ya chiwindi imatikhudza ifenso kumunda kuno. Adokotala, mukamafufuza za khansa ya chiwindi musaiwale chuku.

Mtedza ndi chimanga zikapanda kuuma bwino zimachita chuku chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo poizoniyu kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Ndimaona ndi maso angawa nthawi yoswa mtedza. Amayi amawaza madzi pa mtedza madzulo kuti makoko afewe zala zisapweteke, mawa aswa, n'kuthira m'thumba ukadali ndi chinyontho. Posankha, wabwino wonenepa uja upita kwa mavenda, wofota, wakuda ndi wowawa uja ndi umene umatsala pakhomo, ausinja nsinjiro, ulowa mu ndiwo zotendera ndi m'phala la mwana. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Ndipo munthu amene ali kale ndi hepatitis B akamadyanso zimenezi ngozi ya khansa imachuluka kwambiri kuposa chimodzi pachokha.

Ku Chitedze kuli akatswiri amene akhala akulimbana ndi aflatoxin nthawi yaitali, a ICRISAT ofufuza za mbewu ali komweko, kuli Aflasafe wowaza m'munda pochepetsa poizoniyu, ifenso timaphunzitsa kuumitsa mtedza pa milu yotchedwa Mandela cock ndi kusunga chimanga m'matumba a PICS osalowa mpweya. Koma alimi ndikawauza amandiyankha kuti makolo athu ankadya womwewu. Tsiku lomwe adzabwere dotolo ndi umboni wa odwala a m'boma lathu lomwe lino, kuti tawayeza magazi tapezamo poizoni wa chuku, ndikhulupirira adzatchera khutu. Chitedze si patali, ndi pa msewu wa Mchinji pomwepa, pitani mukacheze nawo.

Sisita_Nabanda wayankha:

Mwanawe pepa ndi zovutazo. Ine ndine nesi, zaka 22 ndili pa ntchito, zomalizirazi ndakhala ndikusamalira odwala amene matenda awo sachizika. Ndili ndi zingapo zoti ndikuuze zomwe aphunzitsi sadzakuuza.

Choyamba ndi mawu omwewa akuti kapamba. Anthu ambiri kumudzi ukati kapamba amaganiza za spleen, chija chimatupa kumanzere mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Bambo wina titamuuza kuti ali ndi khansa ya kapamba anavula malaya n'kutionetsa mphini zomwe anamutemera ali mwana, akuti kapamba wanga anandichiza kale agogo. Ndinachita kutenga pepala n'kujambula chifu, chiwindi, ndulu, n'kumulozera. Nde ukamadzalemba fomu yoti wodwala asaine kuti wavomera kulowa mu kafukufuku, udzaonetsetse kuti akumva chiwalo chomwe ukunena, osangomasulira mawu kuchokera ku Chingerezi n'kuti zatha.

Chachiwiri, kafukufuku wochepetsa kuzunzika nayenso ndi kafukufuku. Kuyabwa kwa chikasu kuja wakuona wekha pa amalume ako. Ine ndinasamalirapo bambo amene ankadzikanda ndi chitsononkho usiku wonse mpaka magazi, ululu anali atausiya kudandaula, ankangopempha kuti kuyabwako kuleke agoneko. Atamutsegulira njira ya ndulu anagona tulo koyamba patatha mwezi, anamwalirabe patapita miyezi ingapo koma anamwalira akudya ndi kucheza ndi ana ake. Ndani ayenera kuikidwa stent (kapaipi kotsegula njira ya ndulu), ndani opaleshoni yolambalala, ndani angothandizidwa ndi mankhwala kunyumba, morphine akufika bwanji kumudzi, ma enzyme othandiza kugaya chakudya angapezeke bwanji, mafunso amenewa akufuna dotolo ngati iweyo ndipo odwala ake alipo kale.

Chachitatu ndi nthawi. Ndaona madotolo abwino amene atangopeza ndalama za kafukufuku ku wodi anasowa, amangobwera Lachinayi mmawa foni ili kukhutu, odwala sawadziwanso. Ndaonanso ena amene masana ali ku wodi, usiku lokamu ku chipatala cha pulayiveti poti malipiro sakukwana ndipo kumudzi akudikira, kafukufuku n'kufera m'laputopu. Ndalama za kafukufuku zimabwera ndi nthawi yake, zaka 2, 3, 5 zatha, uyambenso kulemba kupempha zina. Ndipo iwe ndiwe mtsikana, zaka 10 akunena adokotalazo ndi zomwezo za banja ndi ana. Sindikuti usiye ayi, alipo amayi amene achita zonse ndipo ndimawanyadira, koma ukambirane bwino ndi amene udzakhale naye komanso amayi ako zisanafike, poti udzafuna munthu wokugwirira mwana tsiku lomwe uli pa kolo.

Nachisale_25 wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri ndipo misozi inalengeza pa nkhani ya chitsononkho, amalume ankadzikanda ndi mpeni wobuntha. A Sisita za kapamba ndi spleen zandikumbutsa kuti amayi mpaka lero amaloza kumanzere akamafotokozera anthu za matenda a achimwene awo. China chomwe sindinanene n'choti amalume ankasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, ndipo ndikudziwa kuti fodya ndiye woyamba pa zinthu zomwe zimabweretsa khansa ya kapamba zomwe munthu angapewe, nde ndikaganiza za alimi onse aja a ku Mitundu amene amapichira wawo womwe ndikuona kuti pali nkhani pamenepanso.

Adokotala a ku 18 mwandidzidzimutsa ndi 2002 ija. Ine ndinabayitsa katemera ndili ku koleji, koma achimwene anga awiri ndi achemwali anga onse anabadwa chaka chimenecho chisanafike ndipo palibe anayezetsapo. Ndawaimbira kale, sabata yamawa ndikufuna onse ayezetse pamodzi ndi amayi.

Ndasankha kuti ndiyesa MMed, koma kapamba sindimutaya. Funso langa pano ndi loti kafukufuku woyamba wamng'ono ndingamukonze bwanji kuti akhudze zonse ziwiri, ndipo ndalama zoyambira anthu amazipeza kuti?

Dokotala_wa_ku_18 wayankha:

Mwachita bwino kuwaimbira abale. Amene apezeke alibe abayitse katemera, ndi majekeseni atatu, amene apezeke nako ayezedwe AST, ALT ndi ma platelets, ndipo ngati chiwindi chalimba kale ultrasound ndi kuyeza AFP m'magazi, pofufuza khansa ya chiwindi, miyezi 6 iliyonse.

Bambo mlangizi anena zoona, ndipo poizoni wa chuku amasiya chidindo chake pa jini ya TP53 pa malo otchedwa R249S, chomwe chimapezeka mu zotupa zambiri za chiwindi ku Africa ndi ku China, nde umboni akufunawo ndi woti n'kuufufuza. A ku Kawale nanunso ndakumvani, pa nkhani ya ma sampulo sindikutsutsani.

Kuti mugwire zonse ziwiri musayambire pa dzina la matenda, yambirani pa mmene wodwala amabwerera. Wamkulu aliyense wobwera ndi chikasu kapena chotupa cha kumtunda kwa mimba, kwa chaka chimodzi. Mulembe zaka, mudzi, wadwala nthawi yaitali bwanji asanabwere, anayamba wapita kuti, mowa ndi kachasu, fodya, shuga, hepatitis B ndi C, HIV, likodzo, zomwe sikani yaonetsa, zomwe anachitiridwa, ndi mmene alili pakatha miyezi 3 ndi 6. A chiwindi ndi a kapamba adzasiyana okha mu data yanu, ndipo mudzadziwa kuti ndi angati komanso akuchedwera pati. Pezani konsatanti mmodzi wa ku medicine kapena ku opaleshoni akhale wokuyang'anirani musanalembe protocol, popanda iyeyo komiti sikupatsani chilolezo. Ntchito yoyambayi sifuna ndalama zambiri, koma pepala lake ndi lomwe mudzaonetse mukamapempha zazikulu, za Wellcome, maphunziro a Fogarty aja a D43, CARTA, EDCTP kapena Commonwealth. Muziyang'ana masamba awo pafupipafupi poti zimasintha chaka ndi chaka.

Kenako kanthu kakang'ono komwe ine ndinaphunzira mochedwa. Pa fomu yanu musiye malo a manambala a foni awiri, ya wodwala ndi ya gadiyani, komanso dzina la mudzi ndi la afumu ake. Pa matenda amenewa mukamaimba pakatha miyezi 3 foni ya wodwala nthawi zambiri imakhala yothima, amene amayankha ndi gadiyani, nde mudzamulonjere kaye bwinobwino musanafunse za tsiku.